Dzanja Patsaya: Zithunzi Zinayi za Okala ya kwa Maseya

Pathebulo panga pali zithunzi zitatu za okala imodzi. Padayenera kukhala zinayi, koma chimodzi kulibenso. Eni ake adaching'amba ine ndikuona, ndipo chotsala mu foni ndidachifufuta ndekha iwo ataima pambali panga. Zonse zinayi ndidajambula ndine, m'masiku atatu okha, pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Dyeratu ndi Nchalo, m'dera la Mfumu Maseya ku Chikwawa.

Ndikufuna kuziunika zithunzizi monga momwe timaunikira ndakatulo kapena nthano ya mnzathu pa msonkhano wa alembi, kunena pamene pakoma ndi kuloza pamene palakwika mosanyengerera. Munthu kudziweruza yekha n'kovuta, ndikudziwa, koma papita nthawi ndithu, kunyada kudatha ndipo manyazi nawo ayamba kuzirala. Dzina la mayi a okalayo sinditchula. Mukafika pa chithunzi chachiwiri mumvetsa chifukwa chake.

Ine ndimagwira ntchito m'boma. Tsiku langa limathera m'mafailo ndi m'malipoti, ndipo zolembalembazi ndimachita usiku ana akagona. Kamera yeniyeni ndidaigwira koyamba mu Okutobala 2023, pomwe bungwe lina lidakonza maphunziro a sabata imodzi a kajambulidwe ka zithunzi. Tidalipo 12: aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, achinyamata a m'makalabu ndi ife a m'maofesi. Ndisaname, ena a ife idatikokera kumeneko ndi alawansi, chidwi chidachita kutipeza tili komweko.

Mphunzitsi wathu adali mnyamata wochokera ku Blantyre, wodziwa ntchito yake, woleza mtima ndi ife a zala zolimba. Masiku awiri oyamba adatiphunzitsa za kuwala ndi mthunzi, za kusankha chimene chioneke bwino ndi chimene chitsale m'chimbuuzi, za kugwada kapena kukwera pa mpando kuti chinthu chodziwika chioneke mwa mtundu wina. Adationetsanso ntchito ya W. Eugene Smith wa ku America, yemwe mu 1948 adatsatira dokotala wa kumudzi, Ernest Ceriani, kwa masiku 23 m'katauni ka Kremmling, mpaka zithunzi zake zidafotokoza moyo wa munthuyo popanda mawu ambiri. Kenaka adatibwereka makamera n'kutiuza kuti aliyense apeze munthu wa bizinesi yaing'ono, amutsatire, abwere ndi nkhani ya moyo wake m'zithunzi. Masiku 23 a Smith ife tidawapanikiza m'masiku atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa ngati zimenezo n'zotheka.

Mayi amene ndidasankha ndi a msinkhu wanga. Adayamba ndi beseni la mandasi pa geti la sukulu, kenaka ngongole ya ku banki m'khonde, kenaka okala ya njerwa zootcha yokhala ndi zenera la waya. Amagulitsa sopo, mchere, machesi, mabisiketi, shuga woyeza m'timapepala, mafuta ophikira a m'timachubu, ndi mandasi omwe aja, poti munthu sataya khasu limene lidamuyambitsa munda. Amuna awo amalima kudimba ndipo nyengo yodula nzimbe ikafika amakagwira ganyu. Katundu amakapikula ku Nchalo kawiri pa sabata. Nditawafotokozera cholinga changa adaseka, amvekere, "Bambo, mujambula chiyani muno? Sopo?" Ndidatulutsa fomu ya Chingerezi imene adatipatsa, ndidawamasulira mwachidule kuti akuvomera kujambulidwa, ndipo adasaina.

Chithunzi choyamba ndicho chidatchuka. Mayi akhala pa mpando kuseri kwa zenera la waya, chigongono pa kauntala, dzanja patsaya, maso ali kutali kupyola msewu. Ndidachijambula masana dzuwa lili paliwombo, ndipo amene adakhalako ku chigwa cha Shire mu Okutobala akudziwa kuti dzuwa lake silichita nthabwala. Kamera imayeza kuwala kumene kwachuluka. Ikaona mchenga wowala ndi malata ong'anima imatsinzina, ndiye nkhope ya munthu wakuda amene wakhala m'kati mwa okala imasanduka chimthunzi. Ndi momwe chidatulukira changa: theka la nkhope lili mu mdima, mawaya a zenera adutsa pamaso. Mphunzitsi adachitenga pa kompyuta, adachotsa mitundu yonse kuti chitsale chakuda ndi choyera, n'kuchionetsa pa khoma. Anthu adaomba m'manja. Wina adati mawayawo akuoneka ngati ndende ya umphawi. Wina adapereka mutu woti "Pambuyo pa Freddy", ndipo tonse tidavomera. Usiku umenewo ndidagona ndikudzimva kuti ndine katswiri.

Pa kaonekedwe palibe chokana, chithunzicho chimakoka maso. Vuto lake n'lakuti chimanena bodza, ndipo wojambula ankadziwa. Kwathu kuno munthu sagwira tsaya pachabe. Mwana akagwira tsaya akulu amamuchotsa dzanja msangamsanga, amvekere, kodi amako afa? Tsono aliyense woona chithunzichi amawerenga maliro, kapena njala, kapena kutha nzeru. Koma ine ndidali pomwepo. Milomo ya mayiwo inkayenda pang'onopang'ono, ndipo nditangodina batani adatenga foni yawo n'kuyamba kuwonkhetsa. Ankawerengera ngati ndalama za m'kachitini zingakwanire belo la shuga ndi katoni ya sopo m'mawa mwake, kapena asankhepo chimodzi. Nkhope imeneyo ndi ya munthu amene ali pa ntchito, yofanana ndi ya akauntanti wa ku ofesi kwathu pa mapeto a mwezi. Mawaya aja ndi otchinga manja a akuba. Ngakhale mutu womwewo udali wolakwika, pakuti madzi amene adalowa mu okala yawo ndi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022. A Freddy, mu Malichi 2023, adalekezera kuseri kwa msewu. Mitundu imene tidachotsa ija, sopo wobiriwira, mapaketi ofiira, chitenje cha maluwa achikasu, ndiyo ikadauza woona kuti muno muli katundu ndipo malonda akuyenda.

Pambuyo pake ndidapeza kuti tchimo langali lili ndi agogo ake. Mu Malichi 1936, Dorothea Lange, wojambula wolembedwa ntchito ndi boma la America (wa m'boma mnzanga, titero), adaima pa msasa wa anthu othyola nsawawa ku Nipomo, m'chigawo cha California. Adajambula mayi wa zaka 32, ana atamutsamira m'mapewa, dzanja lili pachibwano. Chithunzicho chidakhala nkhope ya umphawi wa zaka zimenezo, ndipo chitatuluka m'nyuzipepala boma lidatumiza chakudya ku msasako. Koma Lange sadafunse dzina la mayiyo. Lidadziwika mu 1978, kuti ndi Florence Owens Thompson, yemwe adadandaula kuti nkhope yake yayenda dziko lonse iye osapindulapo kanthu. Chakudya chija chimafika iye ndi ana ake atachoka kale. Lange adali katswiri, ine wophunzira wa masiku awiri, komabe dzanja n'lomwelo ndipo changu cha wojambula n'chomwecho.

Funso limene limandisowetsa mtendere n'lakuti, bwanji anthu 12, ambiri a ife ana a ku Chikwawa konkuno, tidachikonda chotere? Ndikuganiza kuti tidachikonda chifukwa tidali titachiona kale. Chigwa chino chidazolowera kuonedwa ndi maso a alendo. David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire koyamba mu 1859, ndipo m'gulu lake mudali Dr John Kirk amene ankayenda ndi kamera. Ufumu wa Maseya womwewu udachokera kwa mmodzi wa Amakololo amene adabwera ndi Livingstone n'kutsalira kuno. Zojambula za akapolo ali m'magoli zimene zidatuluka m'mabuku a ulendowo zidagwedeza mitima ya anthu ku Britain, ndipo sindingatsutse kuti zidathandiza. Kuyambira pamenepo, chithunzi cha ku chigwa chino ntchito yake yakhala yokapempha chifundo kutali. M'zaka zathu zino taona zomwezo mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu 2022 ndi mu 2023: anthu pa madenga, mabwato m'minda ya chimanga, mizere ya amayi pa misasa atanyamula ndowa ndi mabulangete. Zithunzi zimenezo n'zoona, ndipo popanda izo thandizo likadachedwa. Koma madzi akaphwa makamera amakwera phiri la Thabwa kubwerera ku Blantyre, ndipo chimene chimatsala m'mutu mwa Mmalawi wa ku Mzimba kapena ku Dedza n'chakuti munthu wa ku Chikwawa ndi wokhalira kuthawa madzi. Choopsa n'chakuti ifenso eni ake taphunzira kudziona motero. Atatipatsa kamera, tidapita kukafunafuna chithunzi chimene tidachiona kale m'nyuzipepala.

Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, amene adafufuza kwambiri za chigwa chino, adatsutsa chizolowezi chofanana ndi chimenechi m'buku lake la mu 2005, The End of Chidyerano. Iye adaona kuti olemba mbiri amathamangira chilala chachikulu chimene chimabwera mwa apo ndi apo, n'kuiwala mphika wa tsiku ndi tsiku ndi njala ya chaka ndi chaka, momwe muli moyo weniweni wa anthu. Wojambula naye ali ndi nthenda yomweyo. Tsoka limajambulika mosavuta poti limafuula lokha. Lachiwiri wamba, pamene mayi agulitsa machesi atatu ndi sopo mmodzi m'maola awiri, limafuna munthu wodekha, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi chija kulibechi, ndipo ndichifotokoza kuchokera m'mutu. Pamwamba pa zenera la okala pali kachikwangwani kolembedwa ndi utoto kuti "Ngongole mawa", monga m'maokala ambiri m'dziko muno. Pansi pa kauntala, komabe, pali kope la ana a sukulu lodzaza ndi ngongole. Tsiku lachiwiri mayi adalitsegula kuti alembemo, ine n'kuwerama ndi kamera. Kuwala kwa m'mawa kudagwera bwino pa tsambalo. Chala chawo chidali pa mzere, cholembera pambali, ndipo chilembo chilichonse chidaoneka bwinobwino: dzina, tsiku, katundu, ndalama. Mizere ina idali yokhwatchidwa ndi cholembera chofiira, kusonyeza amene adabweza atalandira malipiro a ku nzimbe kapena a m'boma. Ina idakhala miyezi osakhwatchidwa. Nditafunsa za imeneyo adayankha mosakweza mutu kuti, "Amenewo ndi achibale."

Pa zonse zimene ndidajambula, ichi ndicho chidafika pafupi ndi mtima wa bizinesi. Okala ya kumudzi imayendera kukhulupirirana. Anthu amadya tsiku lililonse koma ndalama imabwera kamodzi pa mwezi, kapena kamodzi pa chaka thonje likagulidwa, ndipo amene amalumikiza masiku amenewo ndi mayi wa okala ndi kope lake. Ndiye banki ya anthu amene banki siiwadziwa. Ndidanyadira kuti ndaona chimene anzanga sadaone.

Loweruka tidapachika zithunzi pa chingwe m'kalasi ina, ndi zopanira zovala, ndipo tidaitana anthu amene tidawajambula, mabanja awo, nduna za mfumu ndi aliyense wofuna. Sipadathe mphindi khumi, anyamata ena adaunjikana pa chithunzi cha kope chija n'kuyamba kuwerenga mayina mokweza, uku akuseka. Mudali dzina la mphunzitsi wina. Mudali la mkulu wa mpingo. Mudalinso la mayi wina amene ankatenga katundu pa ngongole amuna ake osadziwa, ndipo amuna akewo adali m'chipinda momwemo. Mayi a okala adadutsa pakati pa anthu osayankhula, adachotsa zopanira, adang'amba chithunzicho panayi, n'kumanga zidutswazo pa nsonga ya chitenje. Sadandiyang'ane n'komwe. Ndidamva pambuyo pake kuti kunyumba kwa mayi uja kudabuka mkangano, bamboyo adabweza ngongole yonse mwaukali n'kuletsa banja lake kupondanso pa okalapo. Ena a m'kope adayamba kulambalala chifukwa cha manyazi, ndipo munthu wolambalala sabweza ngongole.

Pali anzanga amene amati chithunzicho chidali chabwino, cholakwika ndi malo amene tidachionetsera. Akuti chikadapachikidwa ku Lilongwe palibe akadavulala. Ine ndikukana. Chimene chidachititsa kuti tichiyamikire, kuoneka bwino kwa chilembo chilichonse, ndi chomwecho chidavulaza anthu, ndiye sungayamikire mpeni kuthwa n'kudandaulanso kuti wacheka. Masiku ano chithunzi chopachikidwa ku Lilongwe chimafika kwa Maseya pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Njira yokonzera idalipo, ndipo tidaiphunzira Lachiwiri lomwelo: ndikadalunjika kamera pa chala ndi cholembera, mayina n'kutsala m'chimbuuzi, mizere yofiira ikadaonekabe ndipo nkhani ikadamveka yonse. Fomu imene mayi adasaina inkanena za nkhope yawo. Anthu a m'kopewo palibe adawafunsa. Ndipo Lachisanu usiku, pamene tinkasankha zokapachika, tonse 12 pamodzi ndi mphunzitsi tidachiyang'ana pa khoma chili chachikulu ngati chitseko, tidakamba za kuwala ndi za kayalidwe ka mizere, koma palibe adawerenga dzina ndi limodzi lomwe. Kwa ife mayinawo adali zokongoletsa. Izi zimandipweteka kwambiri ineyo, chifukwa ku ofesi mafailo a ngongole za anzanga ndimawatsekera mu kabati, ndipo pepala la malipiro anga, momwe akatapila ovala mataye amadulamo zawo mwezi ndi mwezi, sindilionetsa ngakhale kwa mlamu wanga. Chinsinsi cha munthu wa tayi ndidachidziwa kuti n'chinsinsi. Cha munthu wogula mchere pa ngongole ndidachiyesa luso.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku Lachisanu masana, zimenezi zisanachitike. Ndikulongedza kamera, mayi adati, "Bambo, mwajambula zanu masiku atatu. Tsopano mujambule changa. Dikirani." Adasiya mwana pa okala n'kupita kunyumba. Adabwerako patatha ola, atasamba, atavala diresi la buluu, nsapato zotseka ndi duku watsopano. Adakokera katundu yense kutsogolo kwa mashelefu kuti mipata isaoneke. Adabwereka makireti awiri a zakumwa kwa mnzawo wa golosale, ndipo makatoni opanda kanthu adawasanja pakhomo. Kenaka adaima chilili kutsogolo kwa okala, foni m'dzanja lamanja, makiyi akulendewera pa chala, nkhope yosaseka, n'kundiuza pamene ndiime. Chimenechi ndicho chachitatu.

Mphunzitsi adachikana. Adati n'chochita kukonza, pomwe ife timafuna moyo monga ulili. Nthawi imeneyo ndidagwirizana naye, mpaka ndidachita manyazi kuti ndachibweretsa. Lero ndikuona kuti adakana mwambo wonse wa zithunzi umene tidakulira. Amene tidali ana m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikukumbuka wojambula wa pa njinga, kamera ili pakhosi, akuzungulira midzi Lamulungu. Unkalipira theka, iye n'kupita ndi filimu ku tauni kukatsuka, n'kubwera patatha sabata ziwiri kapena osabweranso. Palibe ankajambulitsa atavala zakumunda. Unkabwereka jekete, wotchi ngakhale yakufa, wailesi ya amalume, n'kuima pafupi ndi maluwa. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Seydou Keïta adatsegula situdiyo mu 1948 ndipo ankasunga mawailesi, mawotchi, zolembera, masuti ndi njinga zoti makasitomala ake abwereke pojambulitsa. Zithunzi zochita kukonza zomwezo zidadzaza nyumba ya Grand Palais ku Paris mu 2016. Tsono ife pa Chikwawa tinkataya chimene a ku Paris amachiimira pa mzere.

Sindikunena kuti chithunzi chachitatuchi chimanena zoona zokhazokha. Makatoni aja ndi opanda kanthu, makireti ndi obwereka, ndipo kope la ngongole silikuoneka. Koma choyamba chija nachonso n'chokonza, kungoti adachikonza ndi ife, pa kompyuta, eni ake kulibe. Pa mabodza awiriwa, limodzi likunena za mantha a wojambula ndipo linalo likunena za kumene mayi akufuna kukafika. Wina angati n'chimodzimodzi ndi zithunzi zija timaziona m'malipoti a mabungwe, za mayi womwetulira atavala malaya a chizindikiro, atanyamula mbuzi kapena ndowa imene wapatsidwa. Malipoti otere ndawalembapo ambiri, ndikuzidziwa. Kumwetulira kumeneko ndi risiti, ndipo ndi mphwake wa dzanja patsaya: wina akupempha, wina akuthokoza, onse akuyang'ana kwa wopereka. Mayi a m'chithunzi changa sakupempha ndipo sakuthokoza. Aima ngati mwini malo amene akufunsa kuti mukufuna chiyani. Cholakwika chimene ndikuchionamo n'changa: ndidadula nsonga za nsapato zawo, nsapato zimene adayendera ola lathunthu kukazitenga.

Pali zithunzi zina zimene nkhaniyi inkafuna koma kulibe, ndipo kusowa kwake ndiko kulephera kwakukulu kwa ntchito yonseyi. Mayi amadzuka 4 koloko m'bandakucha kukazinga mandasi. Ine nthawi imeneyo ndidali m'tulo ku nyumba ya alendo. Ndinkafika pa okala hafu pasiti seveni n'kuweruka hafu pasiti folo, ngati ndili ku ofesi, pomwe malonda enieni amayamba madzulo anthu akamachokera kuminda ndi ku nzimbe. Ulendo wa ku Nchalo sindidapite nawo chifukwa udagundana ndi chakudya cha masana cha ku maphunziro. Ndidajambula maola amene bizinesi imagona, n'kumadabwa kuti eni ake akuoneka osungulumwa. Chimodzi chokha adandiletsa ndi iwo, kuwerenga ndalama usiku. Adati, "Mukufuna akuba adziwe pobisa?" Pamenepo adandiphunzitsa chimene ndidalephera kuchigwiritsa ntchito pa kope lija.

Chachinayi ndidachijambula mwangozi, poyesa ngati kamera ikugwira ntchito. Mulibe munthu. Muli khoma la m'kati mwa okala ndi mashelefu ake basi, ndipo palibe adachiyang'ana kawiri, ngakhale ine. Ndidadzachionetsetsa patapita masabata. Pa khomalo, kutalika kofika m'chiuno, pali mzere wodera umene udasiyidwa ndi madzi a Ana. M'munsi mwa mzerewo muli mabeseni a pulasitiki, mabotolo ndi ndowa, zinthu zoti zikanyowa umangozitsuka. Pamwamba pa mzere pali sopo ndi machesi. Pamwamba penipeni, pafupi ndi malata, pamene munthu wamfupi ngati iwo amachita kukwera pa mpando, pali shuga ndi mchere. M'sitolo ina iliyonse shuga amakhala pafupi ndi dzanja poti ndiye amayenda kwambiri. Muno ali kudenga, mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, chifukwa mwini wake adaonapo mabelo awiri akusungunuka usiku umodzi.

Ichi ndicho ndimachiyesa chabwino pa zinayi zonse, ngakhale sindingadzitamande nacho poti ndidachitola ngati ndalama ya pa msewu. Chigumula chilimo koma mulibe munthu womira. Umphawi ulimo, mipata ya m'mashelefu ikuoneka, koma chimene chikulamulira chithunzicho ndi nzeru ya munthu amene adaluza kamodzi n'kusintha kasanjidwe ka katundu wake. Chofooka chake n'chakuti sichifuula. Munthu wa ku Lilongwe angachidutse osaona kanthu, pokhapokha wina atamulozera mzere uja. Mwina pamenepa ndi pamene ife alembi tili ndi ntchito pambali pa ojambula, chiganizo chimodzi pansi pa chithunzi, cholembedwa ndi munthu amene adafunsa.

Ndidabwererako kumayambiriro kwa Disembala, nditatsukitsa zithunzi zitatuzo ziwiriziwiri ku Blantyre. Mwezi wa Novembala kwacha idali itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ku Nchalo inkasintha sabata iliyonse. Ndidapepesa za kope lija. Adamvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adafunsa ngati chithunzicho chidakali mu foni. Ndidachifufuta iwo akuona, ndipo adandiuza kuti ndifufutenso kumene zimapita zofufutidwa, poti mwana wawo adawauza kuti zimabisala kumeneko.

Ndidawapatsa cha dzanja patsaya. Adachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitana mnzawo wa golosale uja. "Taonani kuno. Mayi ameneyu wafedwa ndani?" Adaseka onse awiri mpaka misozi, kenaka adandibwezera. "Sungani, bambo, mwina ku ofesi kwanu chili ndi ntchito." Cha diresi la buluu adachipukuta ndi chitenje ngakhale padalibe fumbi, adadandaula za nsapato zodulidwa zija, n'kutuma mwana kukafuna msomali.

Cha mashelefu ndinkayesa achitaya. Adachitenga n'kulowa nacho m'kati, adachiimika pafupi ndi shelefu yeniyeniyo, n'kuyamba kuwerenga ndi chala, pa chithunzi kenaka pa khoma. Sopo pa chithunzi adali mizere iwiri, pa khoma mzere umodzi ndi theka lake. Mabotolo a mafuta pa chithunzi adali asanu, pa khoma atatu. "Ndalama yake ndi yomweyi," adatero, osati kwa ine kwenikweni. Adapempha cholembera changa n'kulemba tsiku kuseri kwa chithunzicho.

Pomwepo padafika kamtsikana ndi mbale, kamvekere amayi akuti muwapatse mchere, adzapereka Lachisanu. Mayi adakwera pa mpando, adatsitsa paketi, adayeza. Kenaka adawerama pansi pa kauntala, adatulutsa kope, ndipo asanalitsegule adatembenuka kundipatsa msana.